Pamwamba pa Shopu ya Matayala

Tchalitchi chathu ku Turffontein chilibe belu.
Chili pamwamba pa shopu ya matayala,
ndipo pemphero lathu limanunkha labala.
Masitepe ake ndi achitsulo, lachisanu limagwedera,
ndinalonjeza kuliwotcherera chaka chatha.

Ine Fanuwelo, wowotcherera zipata,
sabata yonse ndimatsekera anthu a ku Sandton m'nyumba zawo,
zitsulo zosongoka, maloko awiriawiri.
Akandilipira amandiperekeza ndi maso mpaka kumsewu.

Mu Joni mulibe chaulere.
Wapolisi akakuimitsa amati ali ndi ludzu,
ndipo ludzu lakelo silimva madzi.
Thiransipota amene ananditenga ku Dedza pa ngongole
akusungabe pasipoti yanga m'dilowa,
mwezi ukatha amaimba foni
osafunsa n'komwe ngati ndadzuka bwanji.

Ndiye Lamulungu lija a Mkwapatira ataimirira,
jekete la ulonda lili m'thupi, maso ali psuu ndi tulo,
n'kunena kuti chipulumutso ndi mphatso,
ndinasekera m'mimba.
Ndinati mdala uyu Joni sakumudziwa.

Anati tonse tinabadwa ndi ngongole,
osati ya marandi,
koma ya mtima wokhota uwu
umene ukauwongola ndi hamala umabwereranso.
Chakhumi sichingaibweze, kusala kudya ayi,
ngakhale kusesa m'tchalitchi mpaka tsache kutha.
Anati Yesu, Mwana wa Mulungu, analipira yekha pa mtanda,
kamodzi kokha, ndi mwazi wake,
ndipo manda opanda munthu a tsiku lachitatu
ndiye lisiti lake.

Ndinawadikira pa sitepe logwedera lija.
Akulu, nanga gawo langa n'liti?
Ndiyambe ndi zingati?
Anati, Tambasula dzanja.
Ndinatambasula, zipsera za moto zili mbwee.
Anati, Basi, chikhulupiriro n'chimenecho,
dzanja lopanda kanthu.
Koma usatengere pakamwa panga, ine ndi mlonda chabe,
ndimalakwitsa ngakhale nambala ya geti.
Kawerenge wekha, Malembo sanama.
Anandipatsa buku lawo, chikuto chomata ndi tepi yakuda.

Ndinaliwerenga m'nyengo ya chisanu, magetsi atathima,
tochi ya foni m'bulangete,
anzanga anayi akuliza mkonono m'chipinda chomwecho.
Ndinkasaka pamene abisa mtengo,
timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi mwa pepala
monga amachitira ogulitsa mipando pa ngongole.
Masabata atatu ndikusaka.
Sindinapapeze.

Amati kubadwanso.
Ine sindinagwe pansi, sindinaone kuwala kulikonse.
Ndinangogwada pakati pa matiresi ndi chitseko,
n'kunena kuti Ambuye, ndilibe, nditengeni chomwecho.
Mmawa mwake m'takisi yopita m'tauni
chenje chinabwera chopitirira ndi marandi asanu,
ndipo dzanja langa linabweza lokha
mutu usanayambe kuwerengera mtengo wa buledi.
Ndinaliyang'ana ngati la mlendo.

Pasipoti ikadali m'dilowa muja.
Ngongole ya thiransipota ndikubwezabe, pang'onopang'ono,
imeneyo mtanda sunafafanize,
ndipo masiku ena ndimatukwanabe chitsulo chikandiwotcha.

Mayi Dolofina amati uthenga wabwino sauika m'thumba.
Ndinayesa kumuuza Mzwakhe kuntchito,
Chizulu changa chothyokathyoka ngati waya wakale.
Anaseka, kuseka komwe kuja ndinaseka ine.
Ndamusiya kaye. Mawa tidyera limodzi.

Akuti adzabweranso, tsiku lake palibe akulidziwa.
Nthawi zina ndikakweza chigoba kumaso
ndimayang'ana kumwamba kwa Joni, kwa utsi ndi ndege,
n'kumaganiza za chipata chimodzi chokha
chimene sindinachipime, sindinachiwotcherere,
chimene pakhomo pake safunsa mapepala.

Loweruka lapitali ndinanyamula makina pa wilibala,
ndinakonza sitepe lija.
Palibe anandituma, palibe anaona.
Lamulungu a Mkwapatira analiponda,
anaima pang'ono, analipondanso,
kenaka anapitiriza kukwera.